Wilma Rudolph

Wilma Glodean Rudolph (23 June 1940 – 12 November 1994) anali katswiri wothamanga wa ku United States of America. Pa masewera a Olimpiki a mu 1960 omwe anachitikira ku Rome m'dziko la Italy, iye anapata mendulo zitatu za golide: pa mtunda wa mamita 100, pa mtunda wa mamita 200, ndi pa mpikisano wa anthu anayi wopatsirana kamtengo. Anali mkazi woyamba wa ku America kupata golide katatu pa masewera othamanga m'chaka chimodzi cha Olimpiki. Ali mwana anadwala poliyo ndipo anatha zaka zingapo akuyenda ndi zitsulo zochirikiza mwendo. Mbiri yake siingafotokozedwe bwino popanda kutchula magulu awiri a anthu: banja lake, lomwe linamusamalira mpaka mwendo unalimba, ndi timu ya atsikana othamanga yotchedwa Tigerbelles ya pa yunivesite ya Tennessee State, yomwe mphunzitsi wake anali Ed Temple.

Kubadwa ndi banja lake

Wilma anabadwira ku Saint Bethlehem, dera laling'ono la m'chigawo cha Tennessee lomwe masiku ano ndi mbali ya mzinda wa Clarksville. Anabadwa masiku asanakwane ndipo ankalemera makilogalamu awiri okha. Bambo ake, Ed Rudolph, anakwatira kawiri ndipo anabereka ana 22. Wilma anali wa nambala 20. Bambowo ankanyamula katundu pa siteshoni ya sitima ndi kugwira maganyu ena, pomwe mayi ake, Blanche, ankagwira ntchito za m'nyumba za anthu ena ku Clarksville. Banjali linasamukira mumzindawo Wilma akadali khanda.

Nthawi imeneyo malamulo a kumwera kwa America ankalekanitsa anthu akuda ndi azungu pa chilichonse. Sukulu, zipatala, malo odyera ngakhale mipando ya m'basi, zonse zinali zogawa. Zinthu za anthu akuda zinali zochepa ndiponso zosasamalidwa. Kwa banja losauka lokhala ndi mwana wodwaladwala, tsankho limeneli linali vuto la tsiku ndi tsiku chifukwa thandizo lenileni la chipatala linali kutali.

Matenda a poliyo

Wilma anakula movutika. Anadwala chibayo komanso matenda a scarlet fever, ndipo ali ndi zaka pafupifupi zisanu anagwidwa ndi poliyo. Katemera wa poliyo anali asanatulukire, poti yemwe anapanga Jonas Salk anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri mu 1955. Mwanayo anachira koma mwendo wake wamanzere unafooka, ndipo phazi linapindika moti sankatha kuliponda bwino. Madokotala anamuveka zitsulo zochirikiza mwendo.

Ku Clarksville kunalibe chipatala choti n'kuthandiza mwana wachikuda pa vuto ngati limeneli. Mayi ake anapeza thandizo ku Meharry Medical College, sukulu ya udokotala ya anthu akuda yomwe ili ku Nashville, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera kwawo. Kwa zaka ziwiri, mlungu uliwonse, mayi ndi mwana ankakwera basi kupita ku Nashville ndi kubwerako, atakhala kumipando yakumbuyo komwe anthu akuda ankaloledwa kukhala. Kuchipatalako ankamutikita mwendo ndi kumuchititsa mafizo.

Madokotala ananena kuti kutikita kamodzi pamlungu sikungakwanire. Mayi a Wilma anaphunzira katikitidwe kake poyang'ana zomwe ogwira ntchito kuchipatala ankachita, kenako anaphunzitsa ana awo akuluakulu. Kuyambira pamenepo a m'banjamo ankasinthana, ndipo mwendo wa Wilma unkatikitidwa kanayi patsiku. Apa ndi pomwe kukula kwa banjalo kunathandiza. Pakamwa podya panali pambiri, koma manja ogwira ntchito analinso ambiri, ndipo ntchito yomwe mayi mmodzi wobwera kuntchito atatopa sakanaikwanitsa inatheka chifukwa inagawidwa. Abale akewo ankamuyang'aniranso kuti asamavule zitsulo zija mobisa, poti mwanayo ankadana nazo.

Nkhani ya Wilma kawirikawiri imakambidwa ngati chozizwitsa, koma zomwe zinachitika zinali zapang'onopang'ono ndi zotopetsa. Panapita zaka asanayambe kuyenda yekha. M'buku la moyo wake iye anafotokoza za tsiku lomwe anavula zitsulozo n'kuyenda kulowa m'tchalitchi anthu akuona, ali ndi zaka zosakwana 10. Atasiya zitsulo anavalabe nsapato yapadera yochirikiza phazi, ndipo pofika zaka 12 ankayenda ndi kuthamanga popanda chilichonse chomuthandiza.

Chifukwa cha matendawa, Wilma anachedwa kuyamba sukulu ndipo poyamba ankaphunzirira kunyumba. Analowa sukulu ya pulayimale ya Cobb mu 1947 ali ndi zaka 7, ndipo anayambira kalasi yachiwiri.

Sukulu ya sekondale ndi basketball

Masewera oyamba omwe Wilma anawakonda sanali othamanga koma basketball. Ankasewera ndi azichimwene ake pabwalo la pakhomo, ndipo atafika pa sukulu ya Burt High School, yomwe inali ya ana achikuda okhaokha, anatsatira mkulu wake yemwe ankasewera kale m'timu ya sukuluyo. Zaka zoyambirira ankangokhala pabenchi. Mphunzitsi wa timuyo, C. C. Gray, anamupatsa dzina loti Skeeter, lomwe m'Chingerezi cha kumeneko limatanthauza udzudzu, chifukwa anali woonda, wachangu ndiponso wosachoka pafupi. Dzinali linamukanirira moyo wake wonse pakati pa anzake.

Atapatsidwa mwayi wosewera anaonetsa luso lalikulu. M'chaka chimodzi anagoletsa mapointi 803, zomwe zinali rekodi ya atsikana a sekondale ku Tennessee. Gray ankachititsanso atsikanawo masewera othamanga nyengo ya basketball ikatha, makamaka pofuna kuti matupi awo asafooke. Wilma ankapambana mosavuta mipikisano ya sukulu zoyandikana nazo, ndipo anayamba kudziona ngati wosagonjetseka. Maganizowo anatha atapita ku mpikisano waukulu ku Tuskegee Institute m'chigawo cha Alabama, komwe anakumana ndi atsikana ophunzitsidwa bwino ndipo sanapambane mpikisano ndi umodzi womwe. Liwiro anali nalo, koma sankadziwa kunyamuka bwino, kugwedeza manja moyenera kapena kupuma molongosoka.

Ed Temple ndi timu ya Tigerbelles

Ed Temple (1927–2016) anayamba kuphunzitsa timu ya atsikana othamanga ya Tennessee State mu 1950 ndipo anakhalapo mpaka 1994. Ankaphunzitsanso m'kalasi pa yunivesiteyo, ndipo nthawi zina ankaimbira masewera a basketball a m'sukulu za sekondale. Ntchito yoimbirayi inkamupatsa mpata woona atsikana aluso, ndipo ndi mmene anaonera Wilma.

Temple anali ndi pulogalamu ya pa tchuthi chachitali cha pakati pa chaka, yomwe ankaitanira atsikana a sekondale kuti adzakhale pa yunivesite ndi kuphunzira limodzi ndi othamanga akuluakulu. Makolo a Wilma, makamaka bambo ake, sanafulumire kuvomera kuti mwana wawo wamkazi akakhale kutali ndi kwawo. Temple anapita yekha kunyumba kwawo kukawafotokozera za malamulo omwe atsikanawo ankatsatira, ndipo makolowo analola.

Malamulo ake analidi okhwima. Atsikana ankayeserera kangapo patsiku kuyambira m'mamawa, ndipo wochedwa ankazungulira bwalo kamodzi pa mphindi iliyonse yomwe wachedwa. Ankayenera kukhoza bwino m'kalasi, kuvala mwaulemu ndi kulowa m'chipinda pa nthawi yake. Ena lero angaone kuti Temple ankalowerera kwambiri pa moyo wa atsikanawo. Iye ankadziwa kuti anthu ambiri pa nthawiyo ankanyoza akazi ochita masewera, ndipo mtsikana wachikuda akalakwitsa pang'ono chitonzo chinkagwera timu yonse.

Ndalama zinali zochepa kwambiri. Kunalibe thandizo la fizi la akazi ochita masewera monga lomwe anyamata a mpira ankalandira, ndipo lamulo lotchedwa Title IX, lomwe linaletsa kusala akazi pa maphunziro ndi masewera a m'sukulu zolandira ndalama za boma, linadzabwera mu 1972. Atsikana a Tigerbelles ankagwira ntchito pa yunivesite maola angapo patsiku kuti alipirire maphunziro awo. Popita ku mipikisano ankapanikizana m'magalimoto ndi kuyenda maulendo ataliatali, atanyamula kamba wawo chifukwa malo odyera ambiri a m'njira sankalandira anthu akuda. Moyo woterewu unawagwirizanitsa ngati ana a nyumba imodzi. Pa zaka zonse zomwe Temple anaphunzitsa, othamanga ake 40 anapita ku Olimpiki ndipo anabweretsa mendulo 23.

Munthu yemwe anathandiza kwambiri Wilma m'timumo anali Mae Faggs, wamkulu kwa iye ndi zaka 8. Faggs anali atapita kale ku Olimpiki mu 1948 ndi mu 1952, ndipo mu 1952 ku Helsinki anapata golide pa mpikisano wopatsirana kamtengo. Anali wamfupi pomwe Wilma anali wamtali, pafupifupi masentimita 180. Faggs anaona kuti mtsikanayo ankachita manyazi kupitirira akuluakulu ake poyeserera, ngati kuti kutero n'kupanda ulemu, ndipo anamulimbikitsa kuti azithamanga ndi mphamvu zake zonse posayang'ana yemwe ali pambali pake. Wilma ankamutchula Faggs moyamikira mpaka atakula.

Maphunzirowo sanachedwe kuonetsa zipatso. Pa mpikisano wa bungwe la Amateur Athletic Union ku Philadelphia, Wilma anapambana maulendo onse 9 omwe anathamanga.

Melbourne, 1956

Mu 1956 Wilma, ali ndi zaka 16 komanso akadali pa sekondale, anapita ku mpikisano wosankha oimira dziko ndipo anapeza malo pa mtunda wa mamita 200. Anali wamng'ono pa atsikana onse a timu yothamanga ya America. Kwawo analibe ndalama zogulira zovala ndi chikwama cha paulendo, choncho anthu ena a ku Clarksville anasonkha kuti amuthandize.

Ku Melbourne m'dziko la Australia, Wilma anatuluka msanga pa mamita 200 osafika mu fainolo. Mwayi wake unatsala pa mpikisano wopatsirana kamtengo. Pa mpikisano umenewu anthu anayi amathamanga mamita 100 aliyense, ndipo kamtengo kamayenera kuchoka m'dzanja la mmodzi kupita la mnzake onse ali pa liwiro, mkati mwa malire omwe pa nthawiyo anali a mamita 20. Kakagwa kapena kakaperekedwa kunja kwa malirewo, khama la anthu onse anayi limapita pachabe. N'chifukwa chake timu ya anthu ozolowerana imatha kugonjetsa timu ya anthu aliwiro kuposa iwo. Apa America inali ndi mwayi poti onse anayi, Mae Faggs, Margaret Matthews, Wilma Rudolph ndi Isabelle Daniels, anali ophunzira a Temple omwe ankayeserera limodzi. Wilma anathamanga gawo lachitatu. Anamaliza pa nambala yachitatu m'masekondi 44.9 ndi kulandira mendulo ya mkuwa. Golide anatenga ndi Australia, yomwe womaliza wake anali Betty Cuthbert, ndipo Britain inakhala yachiwiri. Cuthbert anapata golide katatu chaka chimenecho pa mitunda itatu yomweyo imene Wilma anadzapambana patapita zaka zinayi.

Kubereka mwana ndi kubwerera

Ali m'chaka chomaliza cha sekondale, Wilma anatenga pathupi. Mwini pathupipo anali Robert Eldridge, mnzake wa kusukulu. Mwana wamkazi anabadwa mu 1958, patangotsala milungu yochepa kuti Wilma ayambe maphunziro ku Tennessee State. Pa nthawiyo mtsikana wobereka asanakwatiwe kawirikawiri ankasiya sukulu, ndipo Temple anali ndi lamulo losalandira m'timu mtsikana yemwe ali ndi mwana. Pa Wilma lamulolo analiika pambali ndipo anamusungira malo.

Banja lake linalowereraponso kachiwiri. Mkulu wake wina anatenga khandalo kukalisamalira, kenako makolo ake analilera ku Clarksville, Wilma ali ku Nashville. Mabuku ambiri a ana onena za iye amadumpha gawo limeneli n'kungokamba za poliyo, koma n'zokayikitsa ngati akanafika ku Rome pakanapanda anthu omulerera mwana. Pa yunivesite anaphunzira zauphunzitsi wa ku pulayimale uku akugwira ntchito yolipirira maphunziro ake.

Mu 1959, pa masewera a Pan American ku Chicago, anapata siliva pa mamita 100 ndi golide pa mpikisano wopatsirana kamtengo pamodzi ndi Isabelle Daniels, Barbara Jones ndi Lucinda Williams. Mu July 1960 ku Corpus Christi m'chigawo cha Texas anathamanga mamita 200 m'masekondi 22.9. Imeneyi inali rekodi ya dziko lonse, ndipo anali mkazi woyamba kutsika pansi pa masekondi 23.

Rome, 1960

Temple anasankhidwa kukhala mphunzitsi wa timu ya akazi othamanga ya America ku Rome, choncho Wilma anapita ndi mphunzitsi wake yemwe komanso anzake angapo a Tigerbelles. Kutatsala tsiku limodzi kuti ayambe kupikisana, anaponda pakadzenje pabwalo loyeserera n'kubinya bondo la phazi. Analimanga ndipo anathamanga choncho.

Pa mamita 100 anathamanga masekondi 11.3 mu semifainolo, kufanana ndi rekodi ya dziko lonse. Mu fainolo anamaliza m'masekondi 11.0, koma nthawiyi sinalembedwe ngati rekodi chifukwa mphepo yomukankha kumbuyo inaposa mamita awiri pa sekondi, omwe ndi malire ololedwa. Dorothy Hyman wa ku Britain anakhala wachiwiri ndipo Giuseppina Leone wa ku Italy wachitatu. Pa mamita 200 anaika rekodi ya Olimpiki ya masekondi 23.2 m'chigawo choyamba, ndipo fainolo anaipambana m'masekondi 24.0 akulimbana ndi mphepo yochokera kutsogolo. Jutta Heine wa ku Germany anatenga siliva, Hyman mkuwa. Wilma sankanyamuka mwachangu kwenikweni poyerekeza ndi anzake aafupi, koma akafika pakati pa mtunda miyendo yake yaitali inkamupatsa mwayi ndipo ena ankatsalira.

Mendulo yachitatu ndi yomwe inali yovuta, komanso ndi yomwe inali yofunika kwa anzake, poti kwa iwo unali mwayi womaliza wobwerera kwawo ndi golide. Timu inali ya Martha Hudson, Lucinda Williams, Barbara Jones ndi Wilma monga womaliza, onse a Tennessee State. Jones anali m'timu ija yomwe inapambana ku Helsinki mu 1952 ali ndi zaka 15 zokha. Mu semifainolo anaika rekodi ya dziko lonse ya masekondi 44.4. Mu fainolo atatu oyambawo anathamanga bwino ndipo wothamanga wachitatu anafika ali patsogolo, koma popatsirana kamtengo panasokonekera ndipo kanatsala pang'ono kugwa. Wilma anachita kuchepetsa liwiro kuti akagwire bwino, ndipo pomwe ankanyamuka n'kuti Jutta Heine atamupitirira. Anamuthamangitsa, kumupeza ndi kumudutsa asanafike pamzere. America inapambana m'masekondi 44.5, Germany inakhala yachiwiri ndipo Poland yachitatu.

Masewera a ku Rome anaonetsedwa pa wailesi yakanema m'mayiko ambiri, zomwe zinachititsa kuti opambana atchuke msanga kuposa a zaka zam'mbuyo. Ndi masewera omwewo omwe Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathon ali wosavala nsapato, ndipo Cassius Clay, yemwe anadzatchedwa Muhammad Ali, anapata golide pa nkhonya. Manyuzipepala a ku Italy anapatsa Wilma dzina lomufanizira ndi insa yakuda, pomwe a ku France anamufanizira ndi ngale yakuda.

Kusamvana m'timu

Kutchukako kunabweretsa vuto lomwe umphawi sunabweretse. Masewera atatha, timuyo inazungulira mayiko angapo a ku Ulaya kukapikisana, ndipo kulikonse atolankhani ndi makamu a anthu ankangofuna Wilma. Anzake atatu aja, omwe nawonso anali ndi golide ndi rekodi ya dziko lonse, ankangodutsidwa ngati onyamula zikwama. Malinga ndi zomwe Wilma mwini analemba, ena mwa iwo anayamba kumusala ndi kusamulankhula, ndipo Temple anachita kuwakhazika pansi kuti akonze zinthu. Dandaulo la atsikanawo silinali lopanda maziko. Mpaka lero mendulo yachitatu ija imatchulidwa ngati ya Wilma yekha, chikhalirecho mamita 300 mwa mamita 400 anathamanga ndi Hudson, Williams ndi Jones.

Kulandiridwa ku Clarksville

Akuluakulu a mzinda wa Clarksville anakonza zomulandira ndi perete komanso phwando. Mwa chizolowezi cha nthawiyo, mwambo wotere ukanakhala wolekanitsa akuda ndi azungu. Wilma, yemwe anali ndi zaka 20, ananena kuti sapitako ngati anthu akhale mosiyanitsidwa. Akuluakuluwo anagonja, ndipo pa 4 October 1960 perete ndi phwandolo zinakhala mwambo woyamba wa mzindawo womwe akuda ndi azungu anakhalira pamodzi. Kuphwandoko kunafika anthu pafupifupi 1,100.

Tsiku limodzilo silinathetse tsankho mumzindawo. Mu May 1963 Wilma anali m'gulu la anthu akuda a ku Clarksville omwe anapita pa lesitilanti ina yomwe inkakana kuwagulitsa chakudya, ndipo nayenso anabwezedwa pakhomo ngakhale anali ndi mendulo zake zitatu. Pasanapite nthawi yaitali meya wa mzindawo analengeza kuti malo a anthu onse, kuphatikizapo odyera, atsegulidwa kwa aliyense.

Zaka zomaliza pa mpikisano

Mu 1961 Wilma anaitanidwa ku mipikisano ingapo ikuluikulu yomwe kwa nthawi yaitali inali ya amuna okhaokha, monga Millrose Games ku New York. Mu July chaka chomwecho anaika rekodi ya dziko lonse ya mamita 100, masekondi 11.2, ku Stuttgart m'dziko la Germany. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linamusankha kukhala mkazi wopambana pa masewera mu 1960 ndi mu 1961, ndipo mu 1961 analandiranso mphoto ya James E. Sullivan. Anakacheza ndi Pulezidenti John F. Kennedy ku White House. Chaka chomwechi bambo ake anamwalira.

Mu 1962, pa mpikisano wa pakati pa America ndi Soviet Union womwe unachitikira pa yunivesite ya Stanford, anapambana mamita 100 ndi mpikisano wopatsirana kamtengo, kenako anasiya kuthamanga ali ndi zaka 22 zokha. Ankafuna kusiya akadali pamwamba. Panalinso nkhani ya ndalama, chifukwa malamulo a nthawiyo sankalola wothamanga wa Olimpiki kulandira malipiro, ndipo iye anali ndi mwana woti alere komanso digiri yoti amalize. Ku Olimpiki ya mu 1964 ku Tokyo, mamita 100 anapambana ndi Wyomia Tyus ndipo mamita 200 anapambana ndi Edith McGuire, onse awiri ophunzira a Temple.

Ntchito ndi moyo wa pabanja

Wilma anamaliza digiri yake ya zauphunzitsi mu 1963. Chaka chomwecho boma la America linamutuma ulendo waubwenzi kumadzulo kwa Africa. Anakapezeka pa masewera omwe anachitikira ku Dakar m'dziko la Senegal, ndipo anayenderanso Ghana, Guinea, Mali ndi Upper Volta, dziko lomwe pano limatchedwa Burkina Faso.

Anakwatiwa koyamba ndi William Ward mu 1961 ndipo banjalo linatha mu 1963. Kenako anakwatiwa ndi Robert Eldridge, bambo wa mwana wake woyamba, ndipo onse pamodzi anabereka ana anayi. Banjali linatha patapita zaka 17.

Ntchito yake yoyamba inali yophunzitsa pa sukulu ya Cobb, pomwe iye anaphunzira, ndi kuphunzitsa masewera othamanga pa Burt High School. Pambuyo pake anasamukasamuka m'zigawo zingapo, monga Indiana, Maine, Michigan ndi California, akugwira ntchito za uphunzitsi ndi zosamalira achinyamata. Kutchuka kwake sikunamubweretsere chuma, ndipo nthawi zambiri ankapatsidwa ntchito chifukwa cha dzina lake osati kuti apatsidwe udindo weniweni, zomwe ankadandaula nazo.

Mu 1977 anatulutsa buku la moyo wake lotchedwa Wilma, ndipo chaka chomwecho linasandutsidwa filimu ya pa wailesi yakanema. Cicely Tyson anasewera ngati mayi ake, ndipo Denzel Washington, yemwe anali asanatchuke, anasewera ngati Robert Eldridge. Mu 1981 anakhazikitsa bungwe la Wilma Rudolph Foundation ku Indianapolis, lomwe linkaphunzitsa achinyamata masewera ndi kuwalimbikitsa pa sukulu, mofanana ndi zomwe Temple anamuchitira. Mu 1984 anali m'gulu la ofotokozera masewera a Olimpiki a ku Los Angeles pa wailesi yakanema ya ABC. Mu 1987 anayamba kuyang'anira timu ya akazi othamanga pa yunivesite ya DePauw ku Indiana, ndipo mu 1992 anakhala mmodzi wa akuluakulu a chipatala cha Baptist ku Nashville.

Imfa yake ndi zomukumbukira

Mayi ake anamwalira mu 1994. Mu July chaka chomwecho Wilma anapezeka ndi khansa ya mu ubongo, ndipo matendawo anakula mofulumira. Anamwalirira kunyumba kwake ku Brentwood, pafupi ndi Nashville, pa 12 November 1994 ali ndi zaka 54. Anaikidwa m'manda ku Clarksville.

Dzina lake linalowetsedwa mu National Track and Field Hall of Fame mu 1974, mu United States Olympic Hall of Fame mu 1983 ndi mu National Women's Hall of Fame mu 1994. Gawo la msewu waukulu wa US Route 79 ku Clarksville limatchedwa Wilma Rudolph Boulevard, ndipo mumzindawo muli chipilala cha mkuwa cha chithunzi chake. Mu 1997 chigawo cha Tennessee chinakhazikitsa 23 June kukhala tsiku lomukumbukira, ndipo mu 2004 positi ofesi ya America inatulutsa sitampa ya masenti 23 yokhala ndi nkhope yake. Ku Berlin m'dziko la Germany kuli sukulu ya sekondale yotchedwa dzina lake. Mkazi wina wa ku America yemwe anadzapambana mitunda itatu yomweyo pa Olimpiki imodzi anali Florence Griffith Joyner, ku Seoul mu 1988.